Za Mankhwala a Kachirombo ndi Maulendo a Panyanja

Mwezi uno tifuna kucheza nanu za mawu amene anamwino amalemba m'kabuku ka umoyo ka abale athu akumwa mankhwala a kachirombo ka HIV, ndiwo mawu onena za kuchuluka kwa tizirombo m'magazi. Ambiri amangomva kuti, "Zili bwino," kapena kuti, "Tizirombo tachuluka," nabwerera kumudzi osafunsa kanthu. Tsono tamverani.

Mankhwala aja, amene timawatcha ma ARV, satha kachirombo m'thupi ayi. Ntchito yake ndi kukatsekereza kuti kasaswane. Munthu akamamwa tsiku ndi tsiku, tizirombo timachepa kufikira makina alephera kutiona, koma tina timabisala, kudikira tsiku limene mankhwala adzasowa. N'chifukwa chake a chipatala amayeza magazi munthu atamwa miyezi 6, ndipo amayezanso nthawi ndi nthawi pambuyo pake. Akapeza kuti m'mililita imodzi ya magazi muli tizirombo tosafika 1,000, amati tagonja. Akapanda kutiona konse, munthuyo sapatsira mkazi wake kapena mwamuna wake, ndipo mayi woyembekezera amateteza kwakukulu mwana wa m'mimba mwake.

Boma linayamba kugawa mankhwalawa mwaulere m'chaka cha 2004. Kuyambira 2016 aliyense wopezeka ndi kachirombo amayamba kumwa osadikira kudwala, ndipo mu 2019 kunafika m'bulu umodzi patsiku wokhala ndi mankhwala amphamvu otchedwa dolutegravir. Kafukufuku amene anachitika khomo ndi khomo m'dziko lonse mu 2020 ndi 2021 anapeza kuti mwa akulu 100 akumwa mankhwala, pafupifupi 97 tizirombo tawo tinali togonja. Ndiye kuti mankhwala ali bwino ndithu. Nanga otsalawo chikuwavuta n'chiyani? Kawirikawiri ndi masiku odumphitsa, ndipo kuno kunyanja masiku otere amabadwa pa ulendo.

Taonani msodzi wa ku Msaka kapena ku Chembe. Wamva kuti usipa ukufa ku Makanjira, ndipo anyamuka ndi anzake ndi chilimira chao, nanena kwa mkazi wake kuti, "Sabata ziwiri zokha ndibwera." Botolo la mankhwala alisiya kudenga, pakuti aopa kuti alovi anzake angalione. Koma nsomba zikamafa ndani aganiza zobwerera? Kenaka mwera uwomba, bwato likhala pa mchenga, sabata ziwiri zija zisanduka miyezi iwiri. Iye adziona wamphamvu, akoka khoka monga kale, nati mumtima mwake, "Palibe chimene chasintha." Kalanga ine! Tizirombo tikamaswananso sitimveka msanga m'thupi. Pofika nthawi ya chifuwa ndi kuonda, papita kale miyezi. Chimodzimodzi amayi ogula nsomba, amene amagona m'madoko masiku ambiri kudikira kuti ziume pa thandala, ndiponso anyamata athu a ku Namwera ndi midzi yina amene amatsikira ku Joni ali ndi botolo la mwezi umodzi wokha, nachita mantha kukaonekera ku chipatala cha dziko la eni.

Chonsecho njira ilipo, ndipo si yovuta. Wofuna kuyenda ayambe wapita ku chipatala chake, kaya ndi ku Monkey Bay, ku Koche, ku Malindi kapena ku chipatala chachikulu cha pa boma, nanene poyera kuti, "Ndili pa ulendo." Amene akumwa bwino amatha kupatsidwa mankhwala a miyezi 6 nthawi imodzi, ndipo wosamuka amapatsidwa kalata. Kabuku ka umoyo akamange m'jumbo kuti kasanyowe, pakuti mankhwala akathera kutali, kabukuko ndiko kamene kadzamulankhulire pamaso pa namwino wosamudziwa.

Vuto lina limene liposa la ulendo lili m'nyumba mwenimwenimo, ndilo chinsinsi. Alipo amayi amene amabisa botolo m'nkhokwe kapena kwa mnansi, namwa pokhapokha bambo akachoka. Tsiku limene bambo aswera pakhomo, mankhwala samwedwa. Alipo abambo amene amapitirira chipatala cha pafupi, nalipira njinga kupita kutali kuti asakumane ndi wowadziwa. Ndalama ya njinga ikasowa, tsiku lolandira lipita. Ndipo zimachitika kuti awiri onse akumwa, wina kubisira mnzake, m'nyumba imodzi! Pa ichi sitidzudzula obisawo okha ayi. Munthu sabisa popanda chomuopsa, ndipo chomuopsacho ndi ife amene timanong'onezana pa mjigo ndi kuloza chala pa maliro. Akulu anati mutu umodzi susenza denga: wakumwa mankhwala a moyo wonse asowa mmodzi yekha wa m'banja womukumbutsa ndi womulandirira akadwala.

Za njala ndi mowa tingonena mwachidule. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale ena amasiya kumwa poopa kumwera m'mimba mopanda kanthu. Dziwani kuti m'bulu wa masiku ano umamweka ngakhale musanadye. Kachasu ndiye amaiwalitsa nthawi, makamaka tsiku limene asodzi agawana ndalama. Komanso chenjerani ndi amene amauza wodwala kuti, "Takupempherera, wachira, taya mankhwala." Pempherani ndithu, koma botolo likhale pomwepo, ambiri amene anataya tinawaika m'manda.

Tisaiwale kunena kuti si nthawi zonse pamene wodwala ali wolakwa. Mankhwala a chifuwa chachikulu cha TB amachepetsa mphamvu ya dolutegravir, kotero a chipatala amawonjezera m'bulu wina. Mibulu yowonjezera magazi imene amayi oyembekezera amalandira, ndi mankhwala ena a chilungulira, zimatha kulepheretsa mankhwalawa kulowa bwino m'thupi zikamwedwa nthawi imodzi. Funsani namwino za kutalikitsa nthawi yake. Ndipo mwa ena, makamaka amene anayamba kalekale nadumphitsa kawirikawiri, kachirombo kanazolowera mankhwala. Chifukwa chake munthu akauzidwa kuti tizirombo tachuluka, asathawe ndi manyazi. Adzakhala pansi ndi mlangizi kufufuza chimene chikumulepheretsa, adzayezedwanso patapita miyezi itatu, ndipo ambiri amapezeka kuti tagonjanso. Tikakanika, madokotala amaona za kusintha mankhwala.

Msodzi wina angafunse kuti, "Nanga ine wogwira ntchito usiku ndi nyali, ndimwe nthawi yanji?" Sankhani nthawi imene simukhala pamadzi, monga m'mawa bwato likakocheza, ndipo muisunge tsiku lililonse. Mukaiwala, imwani pamene mwakumbukira. Ndipo inu amayi, pomangira bambo ufa ndi mchere wa pa ulendo, werengani mibulu ili m'botolo, muone ngati ikwana miyezi iwiri, ngakhale iwo anene kuti abwera Loweruka.