Bajeti ya ku Maputo, mvula ya ku Ulónguè

ULÓNGUÈ - Ambiri amene amabwera kudzagulitsa kachewere ndi nyemba pamsika wa Ulónguè amadziwa kuti m'tauni muno muli sukulu ya ukachenjede yophunzitsa zaulimi. Dzina lake pa Chipwitikizi ndi Faculdade de Ciências Agrárias. Ndi nthambi ya Universidade Zambeze, ija anthu amangoti UniZambeze, imene boma linakhazikitsa m'chaka cha 2007 ndipo inayamba kuphunzitsa mu 2009. Likulu la yunivesiteyi lili ku Beira. Nthambi ya zaumoyo anaiika mu mzinda wa Tete, koma iyi ya zaulimi inabwera kuno kumapiri a Angónia, kwawo kwa chimanga, soya, fodya ndi ng'ombe zokoka ngolo.

Ochepa ndi amene amadziwa kumene ndalama zoyendetsera sukulu yotere zimachokera. Nkhaniyi ikukhudza kholo lililonse la ku Dómuè, Tsangano kapena Macanga limene lagulitsa mbuzi kuti mwana akalembe mayeso olowera pamenepo.

Ndalama zambiri zimachokera ku thumba la boma. Akulu a nthambi amalemba zosowa za chaka chotsatira n'kutumiza ku Beira. Ku Beira amaphatikiza zosowa za nthambi zonse n'kutumiza ku Maputo. Kumeneko unduna wa zachuma umanena malire a ndalama, kenako aphungu a Assembleia da República amavomereza bajeti. Chimene chimabwerera kumunsi kuno kawirikawiri chimakhala chochepa kusiyana ndi chimene chinapemphedwa. Komanso ndalama imene yalembedwa pa pepala sinafike m'manja. Imatuluka pang'onopang'ono m'kati mwa chaka, malinga ndi mmene misonkho yalowera.

Ndalamazo zimabwera zogawidwa kale. Pali za malipiro a aphunzitsi ndi antchito. Pali za kumanga ndi kugula zipangizo zikuluzikulu. Ndiye pali gawo lachitatu logulira zinthu za tsiku ndi tsiku: magetsi, madzi, mapepala, dizilo, mbewu, feteleza, mankhwala a ziweto ndi a mu labotale. Lamulo sililola mkulu wa sukulu kuti angotenga ndalama ya malipiro n'kugulira feteleza. Kupatula izi pali kandalama kamene ophunzira amapereka okha, kaja amati propina.

Mmene zinthuzi zimayendera zinaonekera poyera m'chaka cha 2016. M'mwezi wa Epulo chaka chimenecho kunadziwika kuti boma linali litaimira mobisa ngongole za makampani a ProIndicus ndi MAM, kuwonjezera pa ya Ematum imene inali itamveka kale. Zonse pamodzi zinali pafupifupi madola 2 biliyoni a ku America. Bungwe la IMF linaimitsa thandizo lake, ndipo maiko amene ankathira ndalama mu bajeti ya Mozambique anachitanso chimodzimodzi. Dola imodzi, imene kumayambiriro a chaka inkagulidwa ndi mametikali osafika 50, inapitirira 70 chaka chisanathe. Mitengo ya zinthu inakwera ndi maperesenti oposa 20. Boma linabwerera ku nyumba ya malamulo pakati pa chaka kukadula bajeti yake yomwe.

Milandu inatsatira. Mu Disembala 2022 khoti la ku Maputo linagamula Ndambi Guebuza, mwana wa pulezidenti wakale, kuti akakhale m'ndende zaka 12. Manuel Chang, yemwe anali nduna ya zachuma pamene ngongolezo zinkasainidwa, anapezeka wolakwa ku khoti la ku New York mu 2024. Koma ngongole ija anailipira ndi anthu amene sanaione n'komwe, kuphatikizapo ana a sukulu.

Bajeti ikadulidwa, malipiro sakhudzidwa msanga, chifukwa mphunzitsi wosalipidwa amasiya choko tsiku lomwelo ndipo dziko lonse limamva. Zomangamanga zimangoimitsidwa. Mpeni weniweni umagwera gawo lachitatu lija. Kwa sukulu yophunzitsa malamulo kapena kuwerengera ndalama, zimenezi n'zowawa koma zimapiririka: mphunzitsi alipo, bolodi lilipo, phunziro lichitika. Ku sukulu ya zaulimi n'zosiyana. Kalasi yake yeniyeni ndi munda ndi khola. Dizilo akasowa, thalakitala imagona, galimoto yopititsa ophunzira kwa alimi imagonanso. Mankhwala a mu labotale akasowa, wophunzira amamva za kuyeza dothi koma osaliyeza. Zambiri mwa zinthuzi zimachokera kunja, choncho metikali ikagwa ndalama yomweyo imagula zochepa.

Palinso vuto lina limene mlimi aliyense angalimve msanga kuposa kalaliki wa ku Maputo. Chaka cha ndalama za boma chimayamba mu Januwale n'kutha mu Disembala. Mvula ya ku Angónia imayamba cha mu Novembala. Ndiye kuti nthawi yogula mbewu ndi feteleza wokulitsa imafika pamene thumba la chaka latsala pang'ono kuuma ndipo maofesi akutseka mabuku. Feteleza wobereketsa amafunika mu Januwale, pamene ndalama za chaka chatsopano sizinayambe kuyenda bwino. Zaka zotsatira chisankho zinthu zimachedweratu: bajeti ya 2020 inavomerezedwa mu Epulo, ya 2025 mu Meyi, chimanga chitauma kale m'minda. Pa miyezi yodikirayo maofesi a boma amayendera muyeso wa chaka chapitacho, mwezi ndi mwezi. Bilu ya magetsi ingathe kudikira miyezi iwiri. Munda woyesera mbewu ukaphonya mvula yoyamba, chaka chatha, ndipo wophunzira amene amayembekezera zotsatira zake kuti alembe kafukufuku womalizira maphunziro amayamba kufunafuna ndalama zina za lendi ndi chakudya.

Mu 2022 boma linabweretsa ndondomeko yatsopano ya malipiro a antchito ake, Tabela Salarial Única. Ndalama zopita ku malipiro zinakwera kwambiri, ndipo malo a zinthu zina mu bajeti anachepa. Palibe amene angadandaule kuti mphunzitsi alandire zomuyenera. Koma kulipira katswiri wa ziweto mwezi wonse popanda kumupatsa katemera kapena mafuta a njinga yamoto n'chimodzimodzi kulemba waganyu n'kumubisira khasu.

Njira zopezera ndalama zina zilipo, ngakhale iliyonse ili ndi minga yake. Kukweza propina n'kosavuta pa pepala, koma kuno makolo amaona ndalama kamodzi pachaka, akakolola, ndipo mtengo wa chimanga amanena ndi wogula. Mabungwe akunja amathandiza pa kafukufuku, koma amasankha okha zofufuza, ndipo pulojekiti ikatha galimoto imatsala yopanda matayala. Sukulu ya zaulimi ingathenso kulima ndi kuweta n'kumagulitsa. Funso pamenepa ndi lakuti ndalama ya mazira kapena ya mbewu yogulitsidwa ku Ulónguè ibwerera liti ku munda umene unaitulutsa, ikadutsa m'mabuku a boma.

Akuluakulu a kuno amakumbukira CAIA, Complexo Agro-Industrial de Angónia, munda waukulu wa boma wa zaka zoyambirira za ufulu. Unali ndi mathalakitala ambiri, koma mafuta ndi zitsulo zokonzera zinkadikira chilolezo chochokera kutali, ndipo nkhondo inadzamaliza zotsalazo. Sukulu ya ku Ulónguè si CAIA. Komabe pepala lopempha dizilo wa mu Novembala liyenera kuyenda makilomita oposa 200 lisanafike ngakhale mu mzinda wa Tete, ndipo Beira ali kutsogolo.