Tchuthi ndi Mwana Wachinyamata: Pa Sitima Kapena pa Hotela?

Sukulu zikatsekera, mabanja amene Allah wawadalitsa ndi kangachepe amayamba kufunsana za komwe angapite kukapumula. Ana akadali aang'ono funsoli silivuta, pakuti paliponse pamene pali mchenga ndi madzi osaya iwo amasangalala. Koma mwana akafika zaka 14 kapena 16 zinthu zimasintha. Safunanso kugwiridwa dzanja, komanso sanafike poti n'kumusiya yekha. Malo akamutopetsa, nkhope yake yokha imaononga tchuthi cha banja lonse. M'nkhani ino tikufuna tiyerekeze njira ziwiri: kukwera sitima ya pamadzi n'kutha masiku angapo mukuyenda, kapena kukakhala malo amodzi pa hotela ya m'mbali mwa nyanja, ya mtundu uja mumalipiriratu zonse pa mtengo umodzi, chipinda, chakudya, zakumwa ndi masewera omwe.

Tiyambe ndi hotela, popeza ndiyo imakopa amayi ndi abambo otopa ndi ntchito. Ubwino wake ndi woonekeratu. Ndalama mumazidziwa musananyamuke, ndipo aliyense amene walera mnyamata wa msinkhu uwu akudziwa kuti mbale imodzi siimukwana. Akawonjezera kawiri kapena katatu, bambo sagunda mtima. Pa nkhani ya swala napo pali mtendere. Chipinda chilipo, madzi otawasira alipo, ndipo kibla mukaipeza tsiku loyamba siisunthanso. Ngati hotelayo ili ku Mangochi kapena ku Salima, mzikiti sukhala patali, choncho Ijumaa simuiphonya.

Komabe mawu akuti "zonse" afunika kuwafunsa bwino, pajatu safunsa adadya phula. M'mahotela ambiri a mtundu uwu, makamaka a ku Zanzibar ndi ku Mauritius kumene kachitidweka n'kofala, mowa umawerengeredwa mu mtengo womwewo. Ndiye kuti banja la Chisilamu limalipirira nawo mowa umene amwe ndi anthu ena. Ife timati ndi bwino kufunsa mtengo wa chipinda ndi chakudya chokha, n'kuyerekeza. Koma vuto lalikulu si ndalama ayi. Pa malo otere mlendo amavekedwa kachibangiri pamkono, ndipo akafuna chakumwa amangoonetsa kachibangiriko. Kwathu kuno thumba lopanda kanthu ndi mpanda umene umateteza ana ku zambiri: wopanda ndalama sagula. Pa hotela yolipiriratu mpandawo mulibe. Malamulo amaletsa kupatsa mowa mwana wosafika zaka 18, ndipo mahotela ambiri amapatsa ana kachibangiri ka mtundu wina, koma mnyamata wathu akapeza anzake achikulire, ndani angaone chimene chili m'tambula?

Za nyama tisachite manyazi kufunsa. Anazinga ndani? Nanga nkhumba amaiphikira m'miphika iti, ndipo amaiwotcha pa waya uti? Woperekera chakudya akayankha mokayika, pemphani kuonana ndi mkulu wa kukhitchini. Kunyanja kwathu kuno nkhaniyi imapepukako chifukwa chambo ndi kampango sizisowa.

Chinthu china chimene makolo saganizira ndi tsiku lachitatu. Tsiku loyamba mwana amasambira mpaka maso kufiira. Lachiwiri amasewera mpira pamchenga. Lachitatu waona zonse, ndipo mumupeza chagada pabedi, maso pa foni, monga amachitira kunyumba. Mwana wamkazi amene amavala modzilemekeza nthawi zina safika ndi kudziwe losambirako komwe, chifukwa cha maso a anthu ndi mavalidwe a alendo ena. Mayi ayenera kufunsiratu ngati pali mbali ya gombe yopanda anthu ambiri, kapena nthawi ya m'mamawa imene iye ndi ana aakazi angasambire momasuka. Ndipo mukonzeretu tsiku lotuluka. Amene ali ku Mangochi angathe kupita ku Cape Maclear, ku Lake Malawi National Park, malo amene anakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la malo ofunika pa dziko lonse mu 1984. Kumeneko mwana akaona ndi maso ake timbuna tamawanga-mawanga timene amangotiona m'mabuku. Chenjezo ndi lakuti m'madzi odekha a m'mbali mwa midzi ndi m'mabango mumakhala nkhono zofalitsa likodzo, choncho amene wasambiramo akayezetse kuchipatala pakapita miyezi iwiri kapena itatu.

Tsopano tibwere ku sitima. Pano tisiyanitse mitundu iwiri, chifukwa dzina ndi limodzi koma ulendo wake ngosiyana kutalitali.

Abale athu okhala ku South Africa amadziwa sitima zikuluzikulu zija, monga za kampani ya MSC Cruises, zimene zimanyamuka pa doko la Durban m'miyezi yotentha kupita ku zilumba za ku Mozambique monga Portuguese Island kufupi ndi Maputo. Sitima yotere imanyamula anthu zikwi, ndipo kunena zoona ndi hotela yoyandama. Achinyamata amaikonda chifukwa amapezamo anzawo ambiri a msinkhu wawo ndi malo awoawo ochezera. Makolo amadzitonthoza kuti mwana sangasochere, poti angapite kuti pakati pa nyanja? Izi n'zoona, koma zilinso ndi mbali ina. Muli malo a juga, muli mabala, muli magule a usiku, ndipo mukaona kuti malowo sakuyenera banja lanu, simungalongedze katundu n'kubwerera kwanu monga mungachitire pa hotela. Mudikira kufikira sitima ikocheze. Komanso mtengo wa tikiti kawiri-kawiri suphimba zonse: zakumwa zina, intaneti ndi maulendo a kumtunda zimakhala ndi mtengo wake.

Mtundu wachiwiri ndi wathu womwe, Ilala. Iyi si sitima ya alendo odzasangalala, ndi sitima ya ntchito. Inapangidwa mu 1949 ndi kampani ya Yarrow kufupi ndi Glasgow ku Scotland, n'kubwera zidutswa-zidutswa kudzera ku Beira mpaka ku Chipoka, ndipo inayamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951. Kutalika kwake ndi mamita pafupifupi 52. Ulendo wake wodziwika ndi wochokera ku Monkey Bay kukafika ku Chilumba kumpoto, masiku ngati atatu kupita kokha, ikuima m'madoko monga Nkhotakota, Likoma, Chizumulu, Nkhata Bay, Usisya ndi Ruarwe. Pansi pamadzaza matumba a chimanga, madengu a usipa, njinga, nkhuku ndi anthu obwerera kwawo. Pamwamba pali zipinda zochepa zogona, ndi bwalo pamene ena amayala matiresi n'kugona poyera.

Malo ambiri amene Ilala imaima alibe pokocheza. Sitima imaponya nangula patali, anthu n'kutsikira m'maboti ang'ono-ang'ono, nthawi zina usiku, ndipo pofika kugombe amavula nsapato n'kuyenda m'madzi katundu ali pamutu. Mnyamata amene kunyumba amadandaula akatumidwa kuchigayo amaima chete kuyang'ana mayi wachikulire akutsika makwerero ndi mwana kumbuyo. Ife tikuona kuti phindu lenileni la ulendowu lili pamenepa. Mwana wa m'tauni amazindikira kuti kwa anthu a ku Chizumulu ndi ku Ruarwe sitimayi ndiyo msewu, ndiyo msika. Foni nayo imataya netiweki m'malo ena, ndipo poti palibe kothawira, bambo ndi mwana amapezeka akucheza.

Mbiri nayonso ili m'njira. Ku Nkhotakota ndi kumene Jumbe Salim bin Abdallah anakhazikika m'zaka za m'ma 1840, ndipo tauniyi inakhala limodzi mwa makomo amene Chisilamu chinalowera m'dziko muno. Ndi pa doko lomwelo pamene akapolo ankawolotsedwa kupita kutsidya la kum'mawa. Mwana wa zaka 16 ayenera kumva mbali zonse ziwirizi kuchokera kwa makolo ake, asanakazimve kwa wina amene adzazinena mwachipongwe. Pa Likoma, chilumba cha Malawi chozunguliridwa ndi madzi a Mozambique, pali tchalitchi chachikulu cha Anglican cha St Peter's chimene chinayamba kumangidwa mu 1903. Kukachiona ndi kuphunzira mbiri ya anansi athu.

Nanga swala pa sitima? Apa ndi pamene mwana amaona zimene anaphunzira ku madrasa zikugwira ntchito. Wapaulendo wopitirira makilomita pafupifupi 80 amaloledwa kufupikitsa swala za marakaa anayi, Dhuhr, Asr ndi Isha, kukhala awiri, ndipo otsatira Imam Shafi amaloledwanso kuphatikiza Dhuhr ndi Asr, komanso Maghrib ndi Isha. Pa hotela mpata uwu umachepa, chifukwa kwa a Shafi munthu akatsimikiza kukhala malo amodzi masiku anayi athunthu saliponso paulendo. Kibla ya kuno kwathu ili kumpoto, mopendekera pang'ono kum'mawa. Ndiye sitima ikamalowera kumpoto kibla imakhala cha kutsogolo kwake, pobwerera cha kumbuyo, koma poti imakhota polowera ku zilumba, kampasi ndi yofunika. Ntchito yofufuza kibla ndi kusunga nthawi za swala mupatseni mwanayo. Chinanso, kwa zaka zambiri Ilala yakhala ikunyamuka ku Monkey Bay Lachisanu m'mawa, choncho abambo ndi anyamata otha msinkhu akambirane ndi a Shehe za Ijumaa asanagule matikiti.

Tisabise zovuta zake. Ilala ndi yokalamba, imachedwa, ndipo nthawi zina imaimitsidwa kuti ikonzedwe, motero amene ali ndi masiku owerengeka a tchuthi afunse ndondomeko ya sabata imeneyo, asadalire ya chaka chatha. Zimbudzi ndi mabafa si za hotela. Pa bwalo la pamwamba pamagulitsidwanso mowa. Banja limene lili ndi mtsikana lisungitse chipinda nthawi ikadalipo, pakuti kumugoneka poyera pakati pa amuna achilendo si chinthu choyenera. Chakudya chouma, zipatso ndi madzi akumwa nyamulani zanu, ndipo kukhitchini itanitsani nsomba kapena nyemba ngati za nyama simunakhutire nazo. Chachikulu ndi mphepo ya mwera, imene imaomba kwambiri kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti, nthawi imene tchuthi chachitali chimayandikira. Ndi m'nyengo yotere, pa 30 Julaye 1946, pamene sitima ya Vipya inamira kumpoto kwa nyanjayi n'kupha anthu 145. Ilala yapirira mwera zaka zoposa 70, komabe mwana amene amachita nseru m'basi adzavutika kwambiri mafunde akakula. Miyezi ya Seputembala ndi Okutobala nyanja imakhala yodekhako.

Maganizo athu ndi awa. Ngati m'banjamo mulinso ana aang'ono, agogo kapena wodwala, hotela ndiyo yoyenera, koma masiku atatu kapena anayi akwana, ndipo musankhe mtengo wopanda mowa. Ngati ulendo ndi wa makolo ndi wachinyamata yekha, ife tingasankhe Ilala, osati ulendo wonse, koma chigawo chimodzi, monga kuchokera ku Nkhata Bay kukatsika pa Likoma n'kudikira sitima pobwerera. Sitima zazikulu za ku Durban tingaziike kumapeto, pokhapokha ngati mabanja angapo a Chisilamu akwera pamodzi kuti ana akhale ndi anzawo odziwika.

Musanalipire kalikonse, khalani pansi ndi mwanayo, mumuonetse mitengo yonse iwiri ndi mapu a nyanja, anene maganizo ake. Mugwirizanenso zinthu zitatu mukadali kunyumba: ola lobwerera kuchipinda usiku, malo amene sayenera kupondako, ndi swala zimene banja lonse lidzaswalire pamodzi. Ife tingasankhe Fajr ndi Maghrib, chifukwa imodzi imamudzutsa ndipo inayo imamubweza kwa makolo dzuwa likamalowa.