Luso ndi la Purdy kapena la Shanahan?

Mu mpira wa ku America, quarterback ndiye amaponyera anzake mpira, ndipo timu yonse imayang'ana kwa iye. Ochemerera San Francisco 49ers sagwirizana za malowa. Pa mwambo wosankha osewera atsopano mu 2021, timuyi idasankha Trey Lance pa nambala 3, koma iye ndi quarterback mnzake Jimmy Garoppolo atavulala mu 2022, adalowa Brock Purdy, wosankhidwa komalizira kwenikweni, pa nambala 262.

Ena amati nzeru zonse ndi za mphunzitsi Kyle Shanahan, Purdy amangotsata malangizo. Ine ndimakana. Kaseweredwe ka Shanahan kamafuna munthu woponya mpira wolandirayo asanacheuke n'komwe, ndipo Purdy amatero zimphona zikumuthamangira. Adafikitsa timuyi ku Super Bowl, masewera omaliza olimbirana chikho, mu Febuluwale 2024, komwe idagonja 25-22 kwa Kansas City Chiefs.