Kumva ndi kuyankhula Chingerezi cha maphunziro apamwamba

Wophunzira amene wamaliza kalasi 12 ku Ulónguè kapena ku Lichinga kawirikawiri amatha kuwerenga ndime ya Chingerezi n'kuyankha mafunso a galamala. Vuto limaonekera akakhala m'chipinda chimene mphunzitsi akuyankhula Chingerezi kwa ola lathunthu, kapena akaitanidwa kukayesedwa ntchito pakamwa ku migodi ya ku Moatize. Mawu amene amawadziwa papepala amamudutsa, ndipo yankho limamufikira nthawi itatha kale. Maiko onse 6 oyandikana ndi Mozambique amagwiritsa ntchito Chingerezi m'boma kapena m'maphunziro apamwamba, ndipo Mozambique adalowa m'bungwe la Commonwealth mu 1995. Choncho wophunzira amene sangamve kapena kuyankhula bwino chinenerochi amaphonya mwayi wa maphunziro ndi ntchito.

Chinenero chocheza ndi chinenero cha maphunziro

Mu 1979 katswiri wa ku Canada, Jim Cummins, adasiyanitsa maluso awiri. Loyamba ndi locheza: kupereka moni, kugula malonda, kufunsa njira. Lachiwiri ndi la maphunziro: kufotokoza chifukwa, kufanizira mfundo, kutsutsa mopereka umboni. Pa ana osamukira ku Canada, adapeza kuti loyamba limabwera m'zaka ngati 2, pamene lachiwiri limatenga zaka 5 mpaka 7. Munthu akhoza kucheza bwinobwino m'Chingerezi pamsika wa ku Dedza koma n'kulephera kutsatira phunziro la zaulimi.

Cummins adaonetsanso kuti luso la maphunziro limasamuka kuchoka ku chinenero china kupita ku chinzake. Ganizo lomweli ndi limene limachirikiza maphunziro a zinenero ziwiri, amene adayesedwa koyamba m'ntchito ya PEBIMO kuyambira 1993 mpaka 1997, m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza. Mwana amene adaphunzira kusanja mfundo m'Chinyanja sayambira pansi akafika pa Chipwitikizi kapena Chingerezi. Chimene amafuna ndi mawu ndi katchulidwe katsopano.

Chifukwa chiyani kumva kumavuta

M'Chinyanja phatikizo lililonse limamveka bwino. M'Chingerezi cholankhulidwa, maphatikizo ena amagogomezedwa, ena amafupikitsidwa mpaka kutsala pang'ono kuzimirira. Mawu aang'ono monga "to", "of" ndi "and" amamezedwa, ndipo mawu oyandikana amalumikizana. Khutu limene lidazolowera mawu otchulidwa limodzilimodzi m'kalasi silidziwa pamene liwu lathera.

Chifukwa chachiwiri ndi kuchepa kwa mawu. Mu 2006 Paul Nation wa ku New Zealand adawerengera kuti munthu amafunika magulu a mawu pakati pa 6,000 ndi 7,000 kuti adziwe mawu 98 mwa 100 aliwonse a Chingerezi cholankhulidwa. Mu 2000 Averil Coxhead adasonkhanitsa magulu 570 a mawu amene amapezeka kawirikawiri m'mabuku a maphunziro apamwamba, monga "analyse", "factor" ndi "evidence". Ambiri mwa mawuwa adachokera ku Chilatini, ndiye amafanana ndi a Chipwitikizi. Wophunzira wa ku Mozambique amawazindikira msanga akawaona, koma ayenera kuwamvanso akutchulidwa, poti katchulidwe kake n'kosiyana.

Njira ina yothandiza ndi imene Ruth Wajnryb adaifalitsa mu 1990. Mphunzitsi amawerenga ndime yaifupi kawiri pa liwiro la masiku onse. Ulendo woyamba ophunzira amangomvetsera, wachiwiri amalemba mawu ofunika okha. Kenaka, atatuatatu, amamanganso ndimeyo n'kuifanizira ndi yoyamba ija. Pofanizirapo amaona okha timawu timene khutu lawo lidataya. N'kofunikanso kuwaphunzitsa mawu olozera njira, monga "however" ndi "as a result", chifukwa ndi amene amasonyeza kuti woyankhula akutembenuza mfundo kapena akumanga mkota. Mawu omvetsera asakhale a munthu mmodzi yekha: wailesi za ku Malawi, Zambia, South Africa ndi Britain zimazoloweretsa khutu kayankhulidwe kosiyanasiyana.

Katchulidwe koyenera kukonza

Mu 2000 Jennifer Jenkins adafufuza zimene zimasokoneza kumvana pakati pa anthu amene Chingerezi si chinenero chawo chobadwa nacho. Adapeza kuti kutengera kayankhulidwe ka ku London sikofunika. Liwu la "th", mwachitsanzo, silisokoneza kwenikweni ngakhale litatchulidwa mosiyana. Zosokoneza ndi makonsonanti ena, kutalika kwa mavawelo ndi malo a chigogomezo m'chiganizo.

Kwa oyankhula Chinyanja, malo atatu ndi ofunika nthawi yambiri. Chinyanja chili ndi mavawelo 5, ndiye "ship" ndi "sheep" amamveka ngati liwu limodzi. M'Chinyanja l ndi r sasintha tanthauzo, koma m'Chingerezi "play" ndi "pray" ndi mawu awiri. Komanso phatikizo la Chinyanja limathera pa vawelo, n'chifukwa chake "school" adasanduka sukulu, ndipo chizolowezichi chimawonjezera mavawelo pamene palibe. Pali mwayi umodzi: Chinyanja chimasiyanitsa p ndi ph, ngati mu kupala ndi phala. Mpweya wa ph ndi womwewo umene umamveka kumayambiriro kwa "pen". Chipwitikizi chilibe mpweyawu, choncho apa chitsanzo chabwino chili m'Chinyanja.

Nthawi yoyankhula

Mu 1985 Merrill Swain adaona kuti ana a ku Canada amene adamva Chifalansa kwa zaka zambiri m'kalasi ankamva bwino koma ankalakwitsabe poyankhula, chifukwa sankapatsidwa mpata wokwanira woyankhula. Masamu ake ndi osavuta. M'kalasi ya ophunzira 60, phunziro la mphindi 45 limapatsa aliyense masekondi 45, ngakhale mphunzitsi atakhala chete. Koma mphindi 10 zokambirana awiriawiri zimapatsa aliyense mphindi 5.

Njira yotchedwa 4/3/2 imagwiritsa ntchito mfundoyi. Wophunzira amafotokoza mutu umodzi kwa mnzake mphindi 4, kwa wina mphindi 3, kwa wachitatu mphindi 2. Popeza mfundo zake n'zomwezo, maganizo amamasuka ndipo kudodoma kumachepa. Mutu ukhale woudziwa bwino, monga kalimidwe ka mbatatesi ku Angónia kapena usodzi wa usipa ku Metangula. Zolakwa zikonzedwe akamaliza, chifukwa wodulidwa pakati amachita manyazi n'kusiya. Mary Budd Rowe wa ku America adapezanso kuti aphunzitsi ambiri amadikira yankho pafupifupi sekondi imodzi yokha, ndipo akadikira masekondi 3 kapena kuposerapo mayankho amatalika ndipo oyankha amachuluka.

Kuyeza kupita patsogolo

Mayeso a IELTS, amene mayunivesite ambiri akunja amafuna, amasonyeza mulingo wake. Gawo lomvetsera lili ndi mafunso 40 ndipo mawu amamveka kamodzi kokha. Gawo loyankhula limatenga mphindi 11 mpaka 14, ndipo pakati pake woyesedwa amapatsidwa mphindi imodzi yokonzekera kenaka amayankhula yekha mpaka mphindi 2. Ntchito yomweyi ingachitike ndi foni wamba: wophunzira adzijambule mawu mwezi uliwonse, alembe zimene wanena, ayerekeze ndi za mwezi wapitawo.

Gawo la aphunzitsi a pulaimale

Zonsezi zimayambira m'makalasi oyambirira. Mwana amene amapemphedwa kubwereza nthano m'mawu ake, kufotokoza mmene wapezera yankho la samu, kapena kutsutsa mnzake mwaulemu m'Chinyanja, akuphunzira kale luso limene adzalifune ku UniPúnguè kapena ku UniRovuma. Amene amangobwereza mawu a mphunzitsi pamodzi ndi kalasi yonse amapita nacho chizolowezicho ku Chipwitikizi ndi ku Chingerezi. Poyambira pake ndi pafupi: phunziro lililonse likhale ndi funso limodzi loyamba ndi "chifukwa chiyani", masekondi 3 odikira, ndi mphindi zingapo zoti ana ayankhulane awiriawiri.