Chenjerani ndi zida zakale za asilikali m'milu ya zitsulo

Masiku ano chitsulo chakale chili ndi ndalama. Ogula zitsulo zotha nchito amayenda ndi masikelo awo m'midzi ndi m'misika, ndipo anyamata ndi ana a sukulu a ku Jumbe, Masumba, Mfuwe ndi Msoro amadziwa kuti khasu lothyoka kapena pulawo yadzimbiri ingawapezetse ya sopo. Malondawa ndi abwino, ndipo zitsulo zambiri zilibe vuto. Koma pali zinthu zina zochepa zomwe tiyenera kuzizindikira tisanaziphwanye ndi nyundo. Izi ndi zida zochokera m'magalimoto, m'mawailesi ndi m'ndege zakale za asilikali.

Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kuyambira 1939 mpaka 1945, amuna a dziko lino anamenya nkhondo m'gulu la Northern Rhodesia Regiment. Anafika ku Somaliland mu 1940 ndi ku Burma mu 1944. Msilikali woyenda usiku sankaloledwa kuyatsa nyali poopa kuonedwa ndi adani, komabe anayenera kuona liwiro la galimoto, nthawi ndi njira. Choncho opanga zida ankapaka utoto wowala mumdima pa manambala ndi mivi ya mamita a galimoto, pa makampasi, pa mawotchi ndi pa mabatani a mawailesi. Nkhondo itatha, katundu wambiri wotsala anagulitsidwa kwa anthu wamba m'maiko osiyanasiyana, ndipo wina akali m'magalaja, m'mabokosi a agogo ndi m'milu ya zitsulo.

Mu utotowo munali mankhwala otchedwa radium, omwe anatulukiridwa ndi Marie ndi Pierre Curie ku Paris mu 1898. Radium imatulutsa cheza chosaoneka, chosanunkha ndiponso chosamveka pakhungu, chomwe akatswiri amachitcha radiation. Chezachi chikagunda ufa wina wosakanizidwa mu utotomo, ufawo umawala mobiriwira. Utoto wotere unagwiritsidwa nchito mpaka m'zaka za m'ma 1960, pomwe anayamba kuusiya ndi kutenga mankhwala ena osaopsa kwambiri.

Apa ndi pomwe ambiri amanyengeka. Patapita zaka, ufa wowala uja umafooka ndipo manambala amasanduka achikasu kapena ofiirira, osawalanso. Munthu amaganiza kuti mphamvu inatha. Ayi ndithu. Pamafunika zaka 1,600 kuti radium itaye theka la mphamvu yake. Mita yopakidwa mu 1943 siinataye ngakhale magawo 5 pa 100 alionse.

Kuopsa kwake kunaonekera poyamba pa atsikana omwe ankagwira nchito yopaka utotowu m'fakitale ya ku Orange, New Jersey, ku America. Iwo anaphunzitsidwa kusongola burashi ndi milomo kuti manambala aoneke bwino, motero tsiku ndi tsiku ankameza pang'ono. Thupi limalandira radium ngati chakudya cha mafupa, ndipo ikalowa imakhazikika m'mafupamo ndi kumawaononga pang'onopang'ono. Atsikanawo anayamba kugweluka mano, nsagwada zinaola, ena anadwala khansa ya m'mafupa, ndipo ambiri anamwalira akali achichepere. Asanu a iwo anakasuma kukhoti, ndipo mu 1928 kampaniyo inavomera kuwalipira.

Tisachite mantha opitirira. Mita kapena kampasi yomwe galasi lake ndi lathunthu ilibe ngozi yaikulu kwa munthu wongoiona kapena kuigwira kamphindi. Ngozi imabwera pamene galasi lasweka, kapena munthu watsegula kuti achotsemo mkuwa. Utoto wakalewo umafumbutuka, fumbi lake n'kulowa m'mphuno, m'kamwa kapena pa bala. Mwana wosewera nacho, kenaka n'kudya nsima osasamba m'manja, wameza zomwe anameza atsikana aja. Ndiponso radium imatulutsa mpweya wotchedwa radon, womwe ukachuluka m'chipinda chotseka ungayambitse khansa ya m'mapapo.

Nkhani ina yomwe otola zitsulo ayenera kuimva inachitika ku Goiânia, m'dziko la Brazil, mu September 1987. Amuna awiri analowa m'chipatala chosiyidwa natenga chitsulo cha makina ochizira khansa, nachigulitsa kwa wogula zitsulo. M'kati munali ufa wowala ngati buluu. Mwini malo anautengera kunyumba nagawirako abale ndi anansi kuti aone kukongola kwake. Anthu 4 anamwalira, mmodzi wa iwo mtsikana wa zaka 6. Anthu pafupifupi 112,000 anapimidwa, ndipo 249 anapezeka atakhudzidwa. Ufa umenewo unali wamphamvu kutali kuposa utoto wa pa mita ya galimoto, koma phunziro ndi limodzi: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nanga tichitenji? Mukapeza mita, kampasi, wotchi kapena wailesi yakale ya asilikali yokhala ndi manambala opakidwa utoto wokhuthala, musaitsegule, musaipale ndipo musaiponye pamoto. Musaisunge m'thumba, pansi pa pilo, m'khichini kapena m'nkhokwe. Ngati galasi lasweka kale, valani pulasitiki m'manja, muiike m'jumbo, mumange, muiike m'chitini chotseka kutali ndi pogona anthu, kenaka musambe m'manja ndi sopo. Musaitaye m'chitsime, mu mtsinje kapena m'munda, pakuti mungosamutsira vutolo kwa mnzanu. Magulopu a m'mawailesi ndi m'makina ena akale a asilikali nawonso musawaswe, chifukwa ena anaikidwamo pang'ono mankhwala a mtundu womwewu. Ndipo chitsulo chilichonse cholemera modabwitsa chokhala ndi chizindikiro cha timasamba titatu takuda kapena tofiirira pa chikasu, chisiyeni pomwepo ndi kutalikirana nacho.

M'Zambia muli bungwe la boma loyang'anira zinthu zotere, la Radiation Protection Authority, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2005 ndipo likulu lake lili ku Lusaka. Iwo ali ndi makina opimira omwe amauza msanga ngati chinthu chili ndi cheza kapena ayi. Mlimi wa kuno kuchigwa sangakwere basi kupita ku Lusaka chifukwa cha kampasi imodzi, koma angauze anyakwawa, a zaumoyo pa kiliniki yapafupi kapena apolisi, kuti iwo atumize uthenga.

Makolo, afunseni ana anu zomwe akutola ndi komwe akuzitola. Inunso ogula zitsulo, yang'anani bwino katundu asanakwere pa sikelo. Makwacha ochepa a mkuwa wa m'kamita kamodzi sangalipire ulendo wa ku chipatala cha khansa ku Lusaka. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.