ZIMENE ANA A KU NYIMBA ANAONETSA AKATSWIRI PA ZA MAVITAMINI

Mango akapsa m'midzi ya ku Nyimba ndi ku Petauke, m'miyezi ya Novembala ndi Disembala, ana saikumbukanso nsima ya masana. Amaswera pansi pa mitengo, ndipo pakapita masabata angapo makolo ena amadzidzimuka poona kuti zikhatho za mwana ndi kunsi kwa mapazi ake zasanduka zacikasu monga khungu la lalanje. Akatswiri a zakudya amene anagwira nchito pakati pa ana a ku Nyimba anaziona zimenezi ndi maso ao, nazilemba m'caka ca 2015. Cimene cimasintha khungu ndi utoto wa m'mango wochedwa karotini, umene thupi limausandutsa vitamini A. Kusanduka kumeneku si matenda, ndipo kumatha kokha mango akatha. Koma ngati koyera kwa diso nako kwacita cikasu, imeneyo ndi nkhani ina, ya ciwindi kapena ya malungo, ndipo mwana wotere apite naye ku cipatala tsiku lomwelo.

Mau akuti vitamini si akale kwenikweni. Anawapeka ndi katswiri wa ku Poland, Casimir Funk, m'caka ca 1912. Iye asanatero, dotolo wina wa ku Holland, Christiaan Eijkman, anali ataona pa cisumbu ca Java kuti nkhuku zodya mpunga wopuntha woyera zinali kulemala miyendo, koma zikapatsidwa gaga wa mpunga womwewo zinali kucira. Apo ndi pamene anthu anayamba kuzindikira kuti m'cakudya muli tinthu tina tocepetsetsa, tosaoneka ndi maso, tosakhutitsa mimba, koma timene tikasowa munthu amadwala ngakhale adye mpaka kukhuta. Lero mavitamini odziwika alipo 13. Anai mwa iwo, A, D, E ndi K, amasungunuka m'mafuta ndipo thupi limawasunga. Vitamini C ndi asanu ndi atatu a gulu la B amasungunuka m'madzi, ndipo ambiri a iwo sakhalitsa m'thupi, conco amafunika kudyedwa kawirikawiri.

Pa D ndi K sitidzacedwapo. Vitamini D, wolimbitsa mafupa, khungu lathu limadzipangira lokha likaombedwa ndi dzuwa, ndipo dzuwa kuno sitiligula. Vitamini K amathandiza magazi kuundana pa bala; ndiye amene khanda limabayidwa likangobadwira ku cipatala.

NJIRA ZITATU ZA VITAMINI A

Vitamini amene boma lalimbana naye kwa zaka zambiri ndi A. Iye amasunga maso, khungu, ndi zamkati mwa mapapo ndi matumbo, kumene matenda amalowera. Akayamba kucepa, cizindikiro coyamba ndi cakuti mwana saona bwino kukayamba mdima: amapunthwa pakhomo, amapapasa pofuna mbale, pamene anzake akusewera pabwalo. Zikapitirira diso limauma, limacita cironda, ndipo mwana angathe kukhala wakhungu moyo wake wonse. Coopsa cina ndi cakuti mwana wotere akagwidwa ndi cikuku kapena kutsegula m'mimba, matendawo amamgwetsa msanga kuposa anzake.

Kufufuza kwa m'dziko lonse kwa m'caka ca 1997 kunaonetsa kuti ana 66 mwa ana 100 alionse anali ndi vitamini A wocepa m'magazi. Pofika m'caka ca 2003 ciwerengeroco cinatsikira pa 54. Pofuna kuthetsa bvutoli, dziko linatsata njira zitatu. Yoyamba ndi ya makapisozi amene ana a miyezi 6 mpaka 59 amadonthezedwa m'kamwa kawiri pacaka pa sabata la umoyo wa ana: kobiriwira ngati mtambo kwa mwana wosakwana caka, kofiira kwa wamkulupo. Yaciwiri inayamba m'caka ca 1998, pamene lamulo linati shuga wogulitsidwa kuti adyedwe m'nyumba azithiridwa vitamini A. Yacitatu ndi ya kumunda. M'caka ca 2012 bungwe lofufuza za ulimi la ZARI, mogwirizana ndi HarvestPlus, linatulutsa mitundu itatu ya cimanga ca olenji, cimene maso ake ali ndi karotini wambiri.

Cimanga cimeneci cinafika pakati pa anthu okumbukira cilala ca m'caka ca 1992, pamene tinadya cimanga cacikasu cocokera kunja. Kwa ambiri nsima yosayera ndi nsima ya njala. Koma ca olenji si cacikasu cija ai. Ici ndi cimanga cobzala m'munda mwanu, cokolola ndi manja anu, ndipo mtundu wakewo ndiwo mankhwala ake.

Kuti adziwe ngati cimangaci cimagwiradi nchito m'thupi la mwana, akatswiri a National Food and Nutrition Commission, a Tropical Diseases Research Centre ya ku Ndola, ndi a yunivesite ya Wisconsin ku America, motsogozedwa ndi Profesa Sherry Tanumihardjo, anasankha boma la Nyimba. M'caka ca 2012 anatenga ana 140 a zaka zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri, nawagawa m'magulu atatu. Kwa masiku 90 gulu loyamba linadya phala ndi nsima ya cimanga coyera, laciwiri ya cimanga ca olenji, ndipo lacitatu ya coyera pamodzi ndi madontho a vitamini A. Ana 133 anafika nako kumapeto. Zotsatira zake, zimene zinafalitsidwa m'caka ca 2014, zinaonetsa kuti ana odya cimanga ca olenji anaonjezera nkhokwe ya vitamini A m'thupi pafupifupi mofanana ndi olandira madontho, pamene a cimanga coyera cokha anangosintha pang'ono.

Cimene cinadabwitsa akatswiriwo ndi cina. Iwo sanakhutire ndi kuyeza vitamini woyenda m'magazi, cifukwa ameneyu amatsika mwana akakhala ndi malungo kapena matenda ena, ngakhale ciwindi cake ciri codzaza. M'malo mwake anapatsa mwana aliyense kadontho ka vitamini A wokhala ndi cizindikiro, nadikira masabata awiri kuti asakanizike ndi amene anali kale m'thupi, kenaka anatenga magazi. Njira imeneyi iri ngati kuthira kapu ya nyemba zofiira m'thumba la nyemba zoyera, kusakaniza bwino, ndi kutapa dzanja limodzi: zofiira zikakhala zowerengeka m'dzanjamo, mwadziwa kuti thumbalo ndi lalikulu. Atayeza motero, sanapeze mwana ngakhale mmodzi woperewera vitamini A. Ana 59 mwa 100 alionse anali naye m'ciwindi wopyola muyezo umene akatswiri amati ndi wokwanira.

Apa tisafulumire kunena zimene akatswiriwo sananene. Ana aja anali a m'midzi yowerengeka ya boma limodzi, anali atalandira makapisozi kufikira zaka zisanu, anali kudya shuga wothira vitamini, ndiponso anakulira pakati pa mango, maungu ndi ndiwo zamasamba. Mwana wa caka cimodzi amene wangocira cikuku sali monga iwo. Cotero mai asaleke kupita ndi mwana ku sikelo, ndipo asakane kapisozi. Cimene tiyenera kusamala ndi cakuti kapisozi aliyense alembedwe pa khadi, kuti mwana asalandire kawiri mosadziwa, ndipo mai woyembekezera asamwe kapisozi wa ana, pakuti vitamini A woculuka motero angathe kupundula mwana ali m'mimba. Karotini wa m'zipatso ndi m'masamba alibe ngozi yotere, popeza thupi likakhuta limacepetsa lokha kumsandutsa vitamini. Mbatata yofiira mkati, imene ena amati kandolo, ikakhala ya magalamu 125 cabe imakwaniritsa zimene mwana wamng'ono amafuna pa tsiku.

GAGA AMENE TIMAPATSA NKHUMBA

Kunena zoona, nkhani imene ikanayenera kutisowetsa tulo kwambiri ndi ya mavitamini a gulu la B. Akatswiri omwe aja atawerengera zakudya za ana a ku Nyimba, anapeza kuti ambiri sanali kulandira mavitamini a gulu limeneli okwanira, mwa ena B12 ndi foleti. Awa alibe sabata lao, ndipo m'shuga mulibe.

Taganizani ulendo wa ufa woyera. Cimanga timacikonola mu mtondo kapena ku cigayo, gaga napita ku khola la nkhumba. Mphale timaiviika m'madzi masiku angapo, madziwo nkutaya. Tikatero timaitsuka, kuiyanika, ndi kukagayitsa. Pa sitepe iriyonse pamacoka kanthu: khungu la cimanga ndi kamtima kake ndimo muli mavitamini a B ndi mafuta, ndipo otsala amasungunukira m'madzi oviikira aja. Cotsala ndi ufa wokongola, wopatsa ulemu pamaso pa alendo, wopatsa mphamvu zolimira, koma wosauka. Nkhuku za ku Java zija zinalemala ndi cinthu comweci. Mgaiwa, umene ena amaupeputsa ngati ufa wa osowa, ndiwo umasunga zonsezi. Sitikuti ufa woyera uletsedwe m'mudzi. Tikuti phala la mwana likhale la mgaiwa, lothira nsinjiro.

Ngakhale mgaiwa uli ndi polekezera pake. Vitamini wa gulu la B wochedwa niasini alimo m'cimanga, koma ndi womangika mwa njira yakuti matumbo athu amalephera kumtenga. Anthu a ku Mexico, kumene cimanga cinacokera, amaciphika ndi laimu kapena phulusa asanacipere, ndipo zimenezi zimamasula niasini. Cimanga cinafika kuno, koma luso limenelo linatsala kwao. Ndiye cifukwa cake munthu wodalira nsima yokha, wopanda ndiwo zabwino, amagwidwa ndi nthenda ya pelagra. Khungu limada ndi kusupuka monga lopsa pa malo oombedwa ndi dzuwa, kuseri kwa manja, pa mapazi ndi mozungulira khosi. Lilime limafiira, m'mimba mumatseguka kosalekeza, ndipo pamapeto pake mutu umasokonezeka. Odwala otere kawirikawiri amayamba apita kwa sing'anga, pamene ku cipatala nthendayi imacizika ndi mapiritsi a niasini ndi cakudya cabwino. Omwa kacasu tsiku ndi tsiku ndiwo imawakonda kwambiri, cifukwa mowa umalanda malo a cakudya ndiponso umaononga matumbo.

Anthu a ku Petauke akumbukira abale athu a ku Mozambique amene tinawalandira ku Ukwimi pa nthawi ya nkhondo ya kwao. Anzao ambirimbiri anathawira ku Malawi, kumene anali kudalira cakudya cogawidwa. M'caka ca 1990 nshawa zinaleka kufika m'misasa kwa miyezi ingapo, ndipo anthu oposa 18,000 anagwidwa ndi pelagra m'caka cimeneco. Ufa analipo, koma nshawa ndizo zinali kuwacinjiriza. Munthu wamkulu amafuna mamiligalamu 14 mpaka 16 a niasini pa tsiku, ndipo magalamu 100 a nshawa ali nawo pafupifupi 12. Cigawo ca Kum'mawa ndi kwao kwa nshawa, kwao kwa Chalimbana. Nanga bwanji m'nyumba zina thumba lomaliza limakwera galimoto ya wogula mu Juni, mai nkumaphika ndiwo za mcere wokha kuyambira Okutobala? Ndalama ya nshawa ndi yokoma, koma banja liyambe lapatula zambeu ndi zakudya za caka conse lisanaitane wogula.

Vitamini B12 amapezeka m'zakudya zocokera ku nyama zokha. Amapanga magazi ndi kusunga mitsempha, ndipo mwana woyamwa amamlandira kupyolera mu mkaka wa mai wake. Sikofunika kupha ng'ombe. Dzira, kapenta, nsomba za mu Luangwa, mbewa, mkaka ndi ciwindi ca nkhuku zonse ziri naye. Mwambo wakale woletsa ana ndi amai apakati kudya mazira ulibe maziko, ndipo mwambo wopatsa bambo nthuli zonse mwana nkunyambita msuzi nawo uyenera kuunikidwanso. Foleti ali m'nyemba, m'khobwe, m'nshawa ndi m'masamba obiriwira. Amafunika koposa m'masabata oyambirira a mimba, pamene msana ndi ubongo wa mwana zikuumbika. Mai amene amabisa mimba mpaka miyezi isanu asanayambe sikelo amalandira mapiritsi a foleti ndi ayironi nthawi yofunika kwambiri itapita kale.

Zambiri zimataikira mu mphika. Cibwabwa, bonongwe, kholowa, cigwada ndi lumanda ziri ndi karotini, foleti ndi vitamini C, koma zikawira nthawi yaitali m'madzi ambiri, madziwo nkutayidwa, mwana amadya makoko. Soda ndi cidulo zimafewetsa masamba msanga, koma zimapha vitamini C ndi B1. Zisungidwire therere, ndipo zithiridwe pang'ono. Kutendera ndiwo ndi nzeru imene makolo athu anaipeza akatswiri asanabwere, pakuti karotini salowa bwino m'thupi popanda mafuta, ndipo nsinjiro ziri ndi mafutawo. Vitamini C, amene amalimbitsa nkhama, kupoletsa zironda ndi kuthandiza thupi kutenga ayironi wa m'masamba, ngwambiri m'magwafa, m'malambe ndi m'masau a ku cigwa, zipatso zimene ana amatola okha popanda kulipira.

Miyezi yobvuta ndi ya Seputembala ndi Okutobala, pamene minda yauma, madimba ambiri aphwa, ndipo mango sanapse. Mfutso wa miyezi imeneyo umakonzedwa mu Febuluwale ndi Malichi, masamba akali anthete. Awiritseni pang'ono cabe, ndipo muwayanike pa mthunzi podutsa mphepo, cifukwa dzuwa lamphamvu limaononga karotini. Mfutso wouma bwino umakhalabe wobiriwira. Ukacita kutuwa ngati fodya ndiye kuti dzuwa laudya. Usungeni m'cikwatu kapena mu mtsuko wotseka, pamalo ouma ndi amdima, kufikira mvula yoyamba itameretsa bonongwe.