Nyali Yosatentha ndi Masewera a Ana ku Silverest

Munthu wocoka mu Lusaka ndi mseu waukulu wa kum'mawa, wochedwa Great East Road, akapitirira mphambano ya ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda amafika pa Silverest asanalowe m'tauni ya Chongwe. Dziko limeneli ndi la Asoli, anthu a Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II. Kale panali mapulazi ndi chire, koma tsopano pamangidwa nyumba zambiri za anthu ogwira nchito m'tauni, pamodzi ndi sukulu yaikulu ya University of Lusaka. Pamene pali nyumba zambiri palinso ana ambiri, ndipo makolo amabvutika ndi funso ili: kodi ana acite ciani dzuwa litalowa ndi magetsi atazima?

Funsoli linakula m'caka ca 2024. Mvula inakana, ndipo pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Magetsi ambiri a mu Zambia amapangidwa ndi mphamvu ya madzi, makamaka pa Kariba ndi pa Kafue Gorge. Madzi atacepa m'nyanja ya Kariba, kampani ya ZESCO inayamba kugawa magetsi mosinthanasinthana. M'mwezi wa March anali kuzima maola 8 pa tsiku, koma pofika September nyumba zambiri zinali kukhala zopanda magetsi kufikira maola 21. Mabanja anabwerera ku kandulo ndi koloboyi, ndipo ali yense adziwa kuti kandulo m'dzanja la mwana, pafupi ndi masikito kapena nsaru ya pa zenera, ikhoza kutentha nyumba ndi onse ali m'katimo.

Pali kanthu kamodzi kochipa kamene mwana angathe kugwira mu mdima popanda ngozi ya moto. Azungu amakachula glow stick, ndipo pa Cinyanja nkoyenera kukachula kandodo kowala. Tindodo timeneti timagulitsidwa m'mapaketi m'masitoro a zidole ndi a zinthu za pa phwando.

M'mene kandodo kamawalira

Kandodo kowala ndi kapaipi ka pulasitiki kotsekedwa uku ndi uku. M'kati mwace muli madzi a mankhwala, kawirikawiri ochedwa diphenyl oxalate, osanganizidwa ndi utoto. M'madzi amenewo muli kabotolo kena kakang'ono ka galasi lopyapyala, ndipo m'kabotoloko muli hydrogen peroxide, mankhwala omwe aja ogulitsidwa m'masitoro a mankhwala otsukira zironda. Masiku onse amene kandodo kali m'paketi, mankhwala awiriwa sakomana. Koma munthu akakapinda kufikira kalira kuti "thwa", kagalasi kaja kamasweka, mankhwala nasanganizika. Pa kusanganizikako pamaturuka mphamvu imene imalowa mu utoto uja, ndipo utoto umaibweza kunja monga kuunika. Mtundu wa utoto ndiwo umapatsa kandodo maonekedwe ace, kaya obiriwira, kaya ofiira, kaya acikasu.

Cinthu cozizwitsa ncakuti kuunikaku kulibe lawi, ndipo kandodo sikatentha m'dzanja. Sikasowa batire, sikazima ndi mphepo, ndipo kamawala ngakhale pansi pa madzi. Koma kakayamba kuwala sikangazimitsidwe. Kamanka nikacepa mphamvu kufikira mankhwala atha. Tindodo tatikuru timatha kuwala usiku wonse, pamene tating'ono tobvala pa mkono timafooka patapita maola ocepa.

Anthu a kumudzi anaidziwa kale nyali yotereyi. Nthawi ya dzinja ziphaniphani zimang'anima m'madambo, ndipo mwana wogwira ciphaniphani sapsa zala. M'mimba mwa kacirombo kameneka muli mankhwala ochedwa luciferin, amene akakomana ndi mpweya amaturutsa kuunika kozizira, ndipo nako zazimuna ndi zazikazi zimaitanizana. Munthu anacedwa kuphunzira luso lomwelo. M'caka ca 1962 katswiri wina wa ku America, Edwin Chandross, wogwira nchito ku Bell Laboratories, anapeza kuti mankhwala a oxalate ndi peroxide akasanganizidwa ndi utoto amawala. Pambuyo pace Michael Rauhut ndi anzace a pa kampani ya American Cyanamid anakonza mankhwalawo kuti aziwala kwambiri ndi kwa nthawi yaitali, nawacha Cyalume. Oyamba kutigwiritsa nchito kwambiri anali asilikari, olowa pansi pa nyanja, ndi opulumutsa anthu pa ngozi.

Amuna a m'migodi sasowa kuuzidwa ubwino wa nyali yopanda lawi. M'migodi ya malasha muli mpweya woipa umene umaphulika ukakomana ndi moto, ndipo ncifukwa cace Humphry Davy wa ku England anapanga nyali yochinga lawi ndi sefa ya waya m'caka ca 1815. Cimene amuna aja anali kufunafuna pansi pa nthaka, lero mwana amacibvala pa mkono.

Masewera ace

Masewera okoma ndi omwe aja ana amawadziwa kale. Loyamba ndi galimoto la waya. Mnyamata amene wapanga galimoto lace amange tindodo tiwiri toyera kutsogolo ndi kofiira kamodzi kumbuyo. Anzace aike tindodo tina pansi m'mizere iwiri kuti ukhale mseu, ndipo mpikisano uyambe. Wogunda malire a mseu abwerere poyambira.

Laciwiri ndi kugwetsa mabotolo. Atenge mabotolo a pulasitiki asanu ndi limodzi, awathire madzi, aike kandodo m'botolo liri lonse ndi kutseka. Madzi amamwaza kuunika kotero kuti botolo lonse limawala ngati nyali. Awaimike pamodzi pa bwalo, ndipo mwana ali yense akunkhunize mpira wa mapepala kawiri. Wamkulu pang'ono azilemba mabotolo ogwa; motero ang'ono amaphunzira kuonkhetsa osadziwa kuti ali pa sukulu.

Lacitatu ndi kuponya mphete. Tindodo tating'ono timadza ndi tolumikizira, ndipo tiwiri kapena titatu tikalumikizidwa timapanga mphete. Akhome cikhomo pansi, amangirire kandodo pamwamba pace kuti cizioneka, ndipo ana aponye mphete ataima patali mapazi asanu. Amene wakoleka atalikire phazi limodzi.

Lacinai ndi kufuna cuma. Munthu wamkulu abise tindodo pa bwalo, kuseri kwa mtondo, pansi pa mpando, m'nthambi zapansi za mtengo wa mango. Ana agawike magulu awiri, gulu liri lonse ndi mtundu wace, ndipo loyamba kupeza tonse ndilo lapambana. Ang'ono asiyiridwe tobisidwa poyera, pakuti mwana wosapeza kanthu ndiye amayamba kulira.

Atsikana okonda waida akhoza kumanga tindodo pa cingwe cao kuti cioneke mu mdima. Pa cipako, wothamangitsa anzace abvale mphete yofiira pa mkono, ndipo akagwira mnzace ampatse mpheteyo. Pamenepo sipakhala makani akuti wagwidwa ndani.

Palinso sewero lophunzitsa nzeru. Atenge tindodo tiwiri tofanana, atipinde nthawi imodzi. Kamodzi akaike m'kapu ya madzi ofunda, kena m'kapu ya madzi ozizira a mu mtsuko. Posacedwa ka m'madzi ofunda kadzawala kwambiri, ka m'madzi ozizira kadzawala pang'ono. Koma usiku ukamapita, kofunda kaja kadzayamba kufa pamene kozizira kakali moyo. Cifukwa cace ncakuti kutentha kumafulumiza mankhwala ndipo kuzizira kumawacedwetsa. Ndi lamulo lomweli limene limasasitsa ndiwo msanga m'mwezi wa October koposa m'mwezi wa June. Banja lokhala ndi firiji likhoza kuika kandodo m'cipinda ca ayezi, ndipo mawa lace kadzawalanso pang'ono kakafunda.

Zoyenera kusamala

Kanthu kosatentha sindiye kuti kalibe ngozi. Kandodo sikayenera kudulidwa, kubooledwa kapena kutafunidwa, pakuti m'kati muli tizidutswa ta galasi, ndipo madzi ace amawawa m'maso ndi m'kamwa. Sali poizoni waukali, koma akagwera m'diso, disolo litsukidwe ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 15, ndipo ululu ukapitirira mwana apite naye ku cipatala. Akalowa m'kamwa, mwana acukuce ndi kulabvula, kenaka amwe madzi. Pa khungu sopo ndi madzi zikwanira. Pa zobvala amasiya banga.

Ana osakwana zaka zitatu asapatsidwe tindodoti, cifukwa ciri conse amaika m'kamwa, ndipo tolumikizira tija tikhoza kuwatsamwa. Kandodo kasaikidwe pa mbaula kapena m'madzi owira pofuna kuti kawale koposa, pakuti pulasitiki ikhoza kuphulika. Kupindapinda kawirikawiri nakonso kumang'amba kapaipi. Kupinda kamodzi ndi kugwedeza kwakwana.

Bwalo losewererapo liyang'anidwe kukali kowala. Pa malo ngati Silverest pamene nyumba zambiri zikali kumangidwa pali maenje a maziko, zitsulo, misomali ndi miyulu ya njerwa, ndipo nthawi ya mvula njoka ndi zinkhanira zimabisala m'menemo. Kandodo kamaonetsa pamene pali mwana, koma sikaunika njira monga toci. Koposa zonse, masewera asacitikire pafupi ndi mseu waukulu, umene magalimoto olemera a ku Chipata ndi ku Malawi amadutsamo usiku wonse. Pakhale munthu wamkulu mmodzi woyang'anira, ndipo makolo a nyumba zoyandikana azisinthana nchitoyi, pakuti akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Masewera atatha, tindodo tiwerengedwe ndi kutoleredwa tonse. Takufa titayidwe pamodzi ndi zinyalala zopita ku dzala, osati pa moto kapena pamene mbuzi ndi agaru angatitafune.

Za ndalama

Bambo wa nzeru adzafunsa ngati kanthu kowala usiku umodzi nkoyenera ndalama zace. Yankho ndi lakuti kandodo kowala sikalowa m'malo mwa nyali. Mwana wolemba nchito ya ku sukulu asowa nyali ya dzuwa kapena toci, imene igulidwa kamodzi nikhala zaka. Tindodo ndi ta masiku osankhika: tsiku lokumbukira kubadwa kwa mwana, pa 24 October pokondwerera ufulu wa dziko, pa Khirisimasi, kapena usiku wolowa caka catsopano, pamene ana ambiri amabvulala ndi makombola. Mabanja atatu kapena anai akasonkherana paketi limodzi, ana a mzere wonse wa nyumba amasewera, ndipo palibe thumba lolira.

Makolo akale analibe magetsi, koma ana ao sanali kusowa cocita. Mwezi ukawala anali kucezera pa bwalo, ndipo ukalowa anali kukhala pa mphasa kumvera nthano ndi kumasulirana zirapi. Tindodo tikayamba kufooka, nthawi imeneyo ndiyo yafika. Tonse tiikidwe m'botolo limodzi pakati pa mphasa, ana akhale mozungulira, ndipo agogo kapena amai ayambe nthano ya Kalulu. Nyali imeneyo ikhoza kutsala m'cipinda ca ana kufikira agona, ndipo palibe amene adzadzuka pakati pa usiku kukaona ngati kandulo yazimitsidwa.